Mwana amawerenga, koma kodi amamva zimene akuwerengazo?

Loweruka lina m'mawa, titangoweruka ku madrasa, panafika mayi ena a geni ya usipa. M'dzanja anali atafumbata foni, ndipo pambuyo pawo pankabwera mnyamata wawo wa Sitandade 6, mwana yemwe timamudziwa kuti ndi wakhama ndiponso wa mutu wogwira zinthu msanga. Dzulo lake usiku, mayiwo analandira uthenga wonena kuti munthu wina watumiza ndalama molakwitsa pa nambala yawo, ndiye achite chifundo azibweze mwachangu chifukwa ndi za wodwala. Mnyamatayo anawawerengera uthengawo bwinobwino, osadodoma paliponse. Mayiwo, pokhala munthu woopa kudya cha mwini, anathamangira kwa ejenti n'kutumiza ndalamazo. Kutacha m'pamene anazindikira kuti palibe khobidi lomwe linalowa. Chimene anatumiza unali mpamba wawo.

"Shehe," anatero mayiwo, "mwanayutu amatha kuwerenga. Ndimamumva ndekha. Nanga zatheka bwanji?"

Tinamupatsa mnyamatayo foni ija kuti awerengenso. Anawerenga mokoma ngati muulutsi wa pawailesi. Kenaka tinamufunsa kuti: "Mwanawe, uthengawu wachokera kwa yani? Kukampani ya foni, kapena pa nambala ya munthu wamba? Nanga paliponse pamene pakunena ndalama zonse zimene zili mufoni ya mayi ako tsopano?" Anayang'ana pansi. Mawu onse anawatchula molondola, koma sanaufunse uthengawo funso ngakhale limodzi, chifukwa palibe amene anamuphunzitsa kuti cholembedwa chimafunsidwa mafunso.

Mnyamatayu si mbuli. Wadutsa kale poyambira, koma sanafike pokhwima. Ali pakati, ngati bwato lomwe lachoka pagombe koma tsidya linalo silinaoneke. Ana athu ambiri, ndi akuluakulu omwe, amaima pamenepa moyo wawo wonse, ife n'kumati anaphunzira. Lero tikufuna tikambirane za gawo lapakatili: zimene wophunzira wofika pamenepa ayenera kutha pa kuwerenga, pa kalembedwe ka mawu ndi pa kulemba, kuti kholo lililonse lithe kuona lokha pamene mwana wake wafika.

Magawo atatu a ulendowu

Wophunzira kuwerenga amadutsa magawo atatu. M'gawo loyamba amadziwa malembo ndi maliwu ake, amaphatikiza maphatikizo monga ma, me, mi, mo, mu, n'kuyamba kutulutsa mawu afupiafupi. Iyi ndiyo ntchito ya Sitandade 1 ndi 2, ndiponso ya miyezi yoyamba ya sukulu ya kwacha. M'gawo lomaliza, munthu amawerenga buku lathunthu, kuyeza mfundo zake, kugwirizana nazo kapena kuzitsutsa, ndi kulemba maganizo ake momveka kwa munthu amene sanamuonepo.

Pakati pa magawo awiriwa pali mtunda wautali. M'menemo muli ana a Sitandade 3 mpaka 6, anyamata omwe analekezera sukulu panjira n'kulowera kunyanja kapena ku Joni, atsikana omwe anakwatiwa sukulu isanathe, ndi amayi ndi abambo omwe anatsiriza mabuku oyamba a sukulu ya kwacha. Onsewa mukawafunsa ngati amatha kuwerenga adzavomera, ndipo sakunama.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 69 amatha kuwerenga ndi kulemba. Koma muyeso wa kalembera ndi chiganizo chimodzi chapafupi. Chiwerengerochi sichitiuza kuti ndi angati angamve pepala la ngongole, malangizo a mankhwala kapena kalata ya malo. Boma linachita mbali yake: sukulu za kwacha zinakhazikitsidwa m'dziko lonse m'chaka cha 1986, maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ndipo mu 2016 kunayamba ndondomeko yapadera yolimbikitsa kuwerenga m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4. Ntchito zonsezi mphamvu yake yaikulu ili poyambira. Kuwolotsa munthu pakati paja kumafuna banja, mphunzitsi ndi mudzi.

Chikomekome cha nkuyu

N'chifukwa chiyani gawo lapakati limanyenga? Chifukwa choyamba chili m'chiyankhulo chathu chomwe. Chichewa chimalembedwa pafupifupi monga momwe chimamvekera. Malembo a liwu alipo asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo maphatikizo athu amathera pa malembo amenewa. Mwana akangogwira njira yophatikizira, angathe kutchula mawu aliwonse, ngakhale omwe sanawamvepo chibadwire. Limeneli ndi dalitso, koma lilinso ndi msampha: pakamwa pamathamanga, mutu uli m'mbuyo. Kholo limamva mawu akutuluka mosalala n'kukhutira. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Chifukwa chachiwiri chikutikhudza ife aphunzitsi a madrasa, ndipo tisachibise. Mwana wathu amaphunzira malembo 28 a Chiarabu, kuwerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere, kutchula lembo lililonse kuchokera pamalo pake, mpaka kumawerenga Qur'an mwa tajwid. Imeneyi ndi ntchito yolemekezeka ndipo malipiro ake kwa Allah ndi aakulu. Koma ana ambiri amawerenga Chiarabucho asanadziwe tanthauzo lake. Tikapanda kuwafotokozera, amakula ndi maganizo akuti kuwerenga ndiko kutulutsa mawu molongosoka basi, ndipo chizolowezichi amapita nacho ku Chichewa ndi ku Chingerezi. Vuto si madrasa; vuto ndi kuima pa katchulidwe osafika pa tanthauzo.

Chifukwa chachitatu ndi chakuti m'makomo ambiri a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja, mwana amakula akuyankhula Chiyao. Kusukulu amakumana ndi Chichewa, ku madrasa Chiarabu, ndipo pofika Sitandade 5 maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi. Mayeso a MANEB a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi, kupatula phunziro la Chichewa. Mwana wa zaka khumi akusenza ziyankhulo zinayi ndi mitundu iwiri ya malembo. Amene sanazolowere kumva zowerenga m'chiyankhulo chapafupi, akafika pa Chingerezi amangoloweza, ndipo kuloweza kukamulemera amathawira kunyanja.

Zoyenera kutha pa kuwerenga

Wophunzira wa pakati ayenera kuwerenga tsamba limodzi la nkhani yapafupi mosadukizadukiza, osaloza phatikizo lililonse ndi chala. Liwu lake liziyenda ngati la munthu amene akuyankhula: aziima pa mpumiro, azipumira pang'ono pa mpatuliro, ndipo pa mfunsiro liwu lizimveka kuti likufunsa. Mwana amene amadutsa zizindikirozi ngati palibe, kawirikawiri sakumva zimene akuwerenga. Ayeneranso kuyamba kuwerenga chamumtima, milomo ili chete, chifukwa pamayeso, kuchipatala ndi kubanki palibe amene amawerenga mofuula.

Akatsiriza, atseke buku n'kufotokoza nkhaniyo m'mawu akeake: ikukamba za yani, chinachitika n'chiyani, kuti, liti, ndipo chifukwa chiyani. Azitha kusanja zochitika m'ndondomeko yake, choyamba, chachiwiri mpaka chomaliza. Azitha kutola mfundo yaikulu pakati pa mfundo zing'onozing'ono. Akakumana ndi mawu achilendo asataye mtima, koma ayang'ane mawu oyandikana nawo. Mawu oti mtengo amalembedwa chimodzimodzi kaya ndi wa mango kaya ndi wa ndowa ya utaka. Chiganizo chonse ndicho chimaulula tanthauzo.

Luso lina ndilo kuwerenga zinthu zomwe si nthano. Moyo wa m'mbali mwa nyanja uli ndi zolembedwa zake: ndandanda ya nthawi za swala pakhoma la mzikiti, kabuku ka kusikelo ka mwana, malangizo a pa paketi ya mankhwala a malungo, chidziwitso cha nyengo yotseka nyanja, lisiti la sukulu, buku la banki m'khonde, uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money. Zolembedwa zotere siziwerengedwa kuchokera pamwamba mpaka pansi ngati nthano. Munthu amafufuza chimene akufuna: tsiku, nambala, kuchuluka, dzina la wotumiza. Mwana wa gawoli akapatsidwa paketi ya mankhwala azitha kunena kuti amwedwe angati, kangati patsiku, kwa masiku angati.

Pamwamba pa zonse, ayambe kufunsa cholembedwacho mafunso. Walemba ndani? Akufuna ndichite chiyani? Pali chimene wabisa? N'chifukwa chiyani akundifulumizitsa? Mafunso anayi amenewa akanapulumutsa mpamba wa mayi aja. Chisilamu chimatiphunzitsa kufufuza nkhani tisanaichitepo kanthu, ndipo chiphunzitsochi chikugwira ntchito pa uthenga wa pafoni monga momwe chimagwirira pa mphekesera za pachitsime.

Zoyenera kutha pa kalembedwe ka mawu

Ambiri amaganiza kuti Chichewa aliyense angachilembe momwe wafunira. Si choncho. Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo linatulutsa malamulo a kalembedwe, omwe anakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Lero ntchitoyi ili m'manja mwa Centre for Language Studies ya ku Zomba. Wophunzira wa pakati sayenera kuloweza malamulo onse, koma pali malo angapo pomwe lembo limodzi limasintha tanthauzo, ndipo amenewo ayenera kuwagwira.

Poyamba pali h wa mpweya. Kola ndi kugwira nyama mumsampha, khola ndi mogona mbuzi. Pala ndi zimene timachita pochotsa mamba a chambo, phala ndi chakudya cha m'mawa. M'Chiyao kusiyana kumeneku kulibe, kotero mwana wa Chiyao sakumva pokhapokha atathandizidwa. Njira yake ndi yapafupi: aike dzanja patsogolo pa kamwa n'kutchula mawu awiriwo. Pamene mpweya wagunda dzanja, pamenepo pali h.

Kachiwiri pali s, z, ts ndi dz. M'Chiyao timati sikomo, m'Chichewa timalemba zikomo. Palibe cholakwika ndi katchulidwe ka kwathu, koma polemba Chichewa mwana adziwe pamene pafunika z. Taonani mawu awa, omwe timawagwiritsa ntchito kwambiri m'mwezi wa Ramadan: kusala ndi kutsala. Wolemba kuti "ndasala masiku atatu" ndi wolemba kuti "ndatsala masiku atatu" anena zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chasiyanitsa ndi t mmodzi.

Kachitatu pali nkhodolero, kachizindikiro kam'mwamba kaja. Ng'oma ndi yoimba, ngoma ndi nyama ya m'tchire. M'bale ndi munthu wa magazi ako, mbale ndi yodyeramo nsima. Mwana azidziwa kuti ng'ombe ndi ng'ona zimafuna kachizindikiroka, pomwe ngongole ndi ngalawa sizikafuna, ndiponso kuti timalemba m'nyumba, m'mudzi, m'madzi.

Kachinayi pali l ndi r. Lamulo lake ndi lakuti r amabwera pambuyo pa e kapena i, monga m'mawu oti bwera, lero, mbiri ndi mpira. Pambuyo pa a, o kapena u timalemba l, monga ndalama, khola ndi gula. Koma l woyamba tsinde la mawu sasintha ngakhale kutsogolo kwake kubwere i: timalemba ndili, tilembe, tilipire.

Kachisanu ndi kulumikiza kapena kulekanitsa mawu. Timalemba kumudzi, pamsika ndi kunyanja molumikiza, koma ku Makanjira, ku Nkhotakota ndi pa Monkey Bay molekanitsa, dzina la malo likuyamba ndi lembo lalikulu. Lembo lalikulu limayambanso chiganizo chilichonse, dzina la munthu, la tsiku ndi la mwezi.

Pali nkhani ina yomwe imatikhudza ife Asilamu kuposa anzathu: maina athu. Maina ochokera ku Chiarabu amalembedwa mosiyanasiyana m'malembo a Chichewa. Mwana mmodzi yemweyo kusukulu analembedwa Yusufu, kuchipatala Usufu, pa chiphaso Yusuf. Chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, dzina losiyana kalembedwe lavutitsa anthu ambiri potsegula akaunti, potenga pasipoti ndi pofunsira ntchito ndi satifiketi ya mayeso. Banja lisankhe kalembedwe kamodzi ka dzina la mwana, ndipo mwanayo akadziwe, lembo ndi lembo, kuti aziyang'anitsitsa pamene wina akumulembera.

Tinenepo za foni. Achinyamata amadula mawu polemberana, ndipo sitingawaletse. Chofunika n'chakuti adziwe kuti zovala za kunyanja si zopita nazo ku Jumu'ah. Kalembedwe kodula n'ka pakati pa iwo ndi anzawo. Kalata, fomu ndi mayeso zimafuna mawu athunthu.

Zoyenera kutha pa kulemba

Kukopera pabolodi si kulemba. Mwana angadzaze makope khumi ndi zolemba za aphunzitsi koma osatha kulemba chiganizo chimodzi chochokera mumtima mwake. Wophunzira wa pakati ayenera kulemba zimene wauzidwa pakamwa, zomwe kusukulu amati lembetso, popanda kuonera. Ayeneranso kulemba ndime ya ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pa mutu umodzi, monga momwe amayanikira usipa pathandala kapena momwe tsiku la Eid linayendera, ganizo lililonse likutsatira linzake, mpumiro uli pamalo pake. Zolemba zake ziwerengeke kwa munthu wina popanda kumuitana mwini wake kuti adzamasulire.

Azitha kudzaza fomu: dzina lonse, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, boma ndi nambala ya foni, chilichonse m'malo mwake. Azitha kulemba kalata yaifupi yokhala ndi keyala, tsiku, malonje, nkhani yeniyeni ndi dzina la wolemba, ndipo asiyanitse kalata yopita kwa malume ake ku Johannesburg ndi yopita kwa mphunzitsi wamkulu. Azitha kulemba mfundo za msonkhano wa komiti ya mzikiti kapena ya pagombe: anabwera ndani, anagwirizana chiyani, adzachite ndani.

Muyeso wabwino koposa ndi pepala la ngongole. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Surah Al-Baqarah, ikulamula okhulupirira kuti ngongole ya nthawi yoikika ilembedwe, wolembayo alembe mwachilungamo, ndipo pakhale mboni. Tikayang'ana milandu yomwe imabwera kwa mashehe ndi kwa mafumu, yambiri ndi ya ngongole za pakamwa: mwini chilimira ndi alovi ake, wogula nsomba pangongole ndi msodzi, abale obwerekana ndalama ya ulendo wa ku Joni. Aliyense amakumbukira zomukomera, ndipo chibale chimatha. Pepala la ngongole limafuna zinthu zochepa: wobwereka, wobwereketsa, kuchuluka kwa ndalama m'manambala ndi m'mawu omwe, tsiku lobwereka, tsiku lobweza, mboni ndi saini. Kulemba ndalama m'mawu si mwambo chabe. Pakati pa K15,000 ndi K150,000 pali ziro mmodzi, ndipo ziro savuta kuwonjezera. Mwana wa Sitandade 6 amene angalembe pepala lotere mosaphonya kanthu wawoloka. Lamulo la dziko la chuma cha masiye la mu 2011 nalonso limafuna kuti wilu ikhale yolembedwa ndi yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Banja lopanda wodziwa kulemba limadalira chifundo cha alendo pa nkhani yaikulu chotere.

Luso lomaliza ndilo kuwerenganso zimene walemba asanapereke. Wolemba wokhwima amabwerera m'mbuyo, kufufuta ndi kukonza. Kope lopanda chofufuta chilichonse kawirikawiri limasonyeza kukopera, osati kuganiza.

Cholembera si chachilendo kwathu

Ena amati sukulu si ya anthu a kunyanja. Mbiri ikutsutsa zimenezi. M'zaka za m'ma 1800, kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi kumabwalo a mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda kunali alembi olemba makalata a Chiswahili m'malembo a Chiarabu. Mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje anayenda m'mbali mwa nyanjayi akuphunzitsa anthu kuwerenga. Pamene sukulu zambiri zinali m'manja mwa amishoni, makolo athu anabweza ana awo poopa kuti ataya chipembedzo ndi maina awo. Mantha awo anali ndi maziko, koma mtengo wake taulipira mibadwo ingapo. Lero chifukwa chimenecho chinatha. Chotsala ndi chizolowezi.

Chivumbulutso choyamba kwa Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, chinayamba ndi lamulo la kuwerenga ndipo chinatchula cholembera. Olemba mbiri ya moyo wake amasimba kuti itatha nkhondo ya Badr m'chaka cha 624, akaidi a ku Makka omwe analibe chuma chodziwombolera anapatsidwa mwayi woti aliyense aphunzitse ana khumi a ku Madina kulemba. Aphunzitsiwo sanali Asilamu, komabe luso lawo linalandiridwa. Zayd ibn Thabit, yemwe pambuyo pake anatsogolera ntchito yosonkhanitsa Qur'an m'nthawi ya Abu Bakr, analamulidwa ndi Mtumiki kuphunzira malembo a Ayuda kuti aziwerenga ndi kuyankha makalata. Palibe malembo achilendo kwa Msilamu ngati akuteteza ufulu wake ndi kutumikira anthu ake.

Zimene banja lingachite kuyambira lero

Choyamba, muyeseni mwana wanu mofatsa, popanda ndodo kapena chipongwe. Mupatseni tsamba lino, awerenge ndime imodzi, atseke, akuuzeni zimene wamva. Kenaka muuzeni ziganizo zitatu pakamwa kuti alembe, muli mawu monga khola, kutsala ndi m'bale. Potsiriza alembe pepala la ngongole yongoyerekeza pakati pa anthu awiri. Ntchito zitatuzi sizitha theka la ola, koma zidzakuuzani zambiri kuposa nambala yomwe wakhala m'kalasi.

Chachiwiri, kholo losadziwa kuwerenga lisadzichotse pa ntchitoyi. Simufunika kudziwa malembo kuti mufunse kuti, "Wamva chiyani? Anachitiranji zimenezo? Iwe ukanatani?" Agogo amene amadziwa kufunsa pa mlandu wa m'mudzi ali nalo kale luso lomwe mwanayo akusowa. Mwana abweretse maso, inu mubweretse nzeru.

Chachitatu, patulani mphindi 15 tsiku lililonse, monga pakati pa Maghrib ndi Isha, kapena masana kuwala kusanathe. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Kukasowa mabuku, zowerenga zilipo: nyuzipepala yakale, thumba la feteleza, kabuku ka kuchipatala, zikwangwani za pamsika.

Chachinayi, mupatseni mwana ntchito yeniyeni ya cholembera. Alembe ndowa za nsomba zomwe zagulitsidwa, ndalama yomwe yalowa ndi yotuluka, zogula za kumsika, uthenga wopita kwa bambo ake kunja. Mwana akaona kuti kulemba kwake kukuthandiza pakhomo, sakutaya. Ntchitoyi isakhale ya anyamata okha. Mtsikana amene walekezera pakati ndiye mayi wa mawa amene adzagwire kabuku ka kusikelo ndi foni ya geni.

Kwa ife aphunzitsi a madrasa, tiwonjezere kanthu kochepa pa zimene timachita kale. Mwana akaloweza Surah yaifupi, awerenge tanthauzo lake, pakuti matanthauzo a Qur'an alipo tsopano m'Chichewa ndi m'Chiyao. Alifotokoze m'mawu ake, ndipo alembe ziganizo ziwiri za chimene waphunzirapo. Potero tikhala tathandiza Dini ndi sukulu nthawi imodzi. Khonde la mzikiti limakhala lopanda anthu maola ambiri. Makomiti angagwirizane ndi alangizi a chitukuko a boma kuti amayi ndi abambo omwe anatsiriza sukulu ya kwacha azikumanapo kamodzi pa sabata kuwerenga ndi kulemba, pakuti luso losagwiritsidwa ntchito limachita dzimbiri ngati mbedza yoiwalika mumchenga.

Ndipo kwa akuluakulu amene mumachita manyazi kubwerera pa cholembera tsitsi litachita imvi, kumbukirani kuti safunsa anadya phula. Manyazi a kukhala pamphasa ndi kope ndi a mwezi umodzi. Manyazi a kudinda chala pa pepala lomwe simukulidziwa ndi a moyo wonse.

Mpamba wa mayi aja sunabwerere. Koma tinagwirizana nawo kuti mnyamatayo azisunga kope la geni, ndipo uthenga uliwonse wa ndalama ukafika aziyamba wanena wotumiza, kuchuluka kwake ndi ndalama yotsala mufoni, asanakhudze batani lililonse. Patapita miyezi iwiri anatibweretsera kopelo. Munali zofufutafufuta zambiri, ndipo pena anali atalemba kutsala popanda t, n'kudzakonza yekha pamwamba pake. Titamufunsa amene anamuuza kuti akonze, anayankha kuti, "Palibe, Shehe. Nditawerenganso sizimamveka."

Allah atiwonjezere kuzindikira kopindulitsa, ife ndi ana athu.